Chipinda Chimene Ndinagulira Agogo

Anzanga ambiri akamva kuti kuchikazi kwathu ndi ku Likoma, amathamangira kundifunsa za sitima. Amafuna kudziwa ngati Ilala imayendadi usiku wonse, ngati munthu sachita mantha pakati pa nyanja, ndiponso kuti malo abwino ogula tikiti yake m'sitimamo ndi ati. Mafunso awiri oyambawo savuta kuyankha. Funso lomalizali ndi limene limandikhalitsa kaye chete, chifukwa tsiku limene ndinasankha malo m'sitimayi ndi nzeru zanga zonse, ndinasankha molakwa. Nkhani yake ndi imene ndikufuna kulongosola m'chimangirizo chino.

M'chaka cha 2018 agogo anga aakazi, amene anabereka mayi anga, anakhala nafe ku Zomba miyezi isanu akulandira chithandizo kuchipatala. Mtima wawo unali utafooka ndipo miyendo inkatupa. Madokotala atanena kuti chotsala n'kumangomwa mankhwala, agogo anaitanitsa mayi ndi amalume n'kuwauza mawu ochepa: "Ndiperekezeni kwathu ndikadaona ndi maso angawa." Palibe anatsutsa, ngakhale kuti tonse tinamva chimene mawuwo ankatanthauza. Popeza ine ndinali pa tchuthi, udindo wowaperekeza unagwera ine. Amalume anandipatsa ndalama zokwanira matikiti awiri a kalasi yachiwiri ndi kamba wa panjira.

Ilala ndi sitima yakale kuposa ufulu wa dziko lathu. Inapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Anaibweretsa ili zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira ku Mozambique, kenaka pa njanji mpaka ku Chipoka, ndipo atailumikiza inayamba kuyenda panyanja m'chaka cha 1951. Dzinali inatengera kwa Ilala woyamba, kasitima ka nthunzi kamene amishoni a ku Scotland analowa nako m'nyanja ya Malawi m'chaka cha 1875. Iwowo anakatcha choncho pokumbukira dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalirira m'chaka cha 1873. Kutalika kwa Ilala wathuyu ndi mamita 52. M'chaka chimene ndikunenachi ulendo wake unkayambira ku Monkey Bay Lachisanu n'kukathera ku Chilumba m'boma la Karonga, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe, kenaka n'kubwereranso. Agogo ankakonda kunena kuti Ilala ndi mng'ono wawo, pakuti tsiku limene anaiona koyamba ikufika pachilumba anali kale mtsikana wotha kusinja.

Malo a m'sitimayi anali ogawidwa potsata mtengo wa tikiti. Pansi penipeni panali kalasi yotsika mtengo, imene aliyense amangoitchula kuti ekonome, mmene anthu amakhala pa mabenchi ndi pa katundu wawo. Pafupi ndi pamenepo panali kalasi yachiwiri, ya mipando yofewerako. Pamwamba penipeni panali bwalo la kalasi yoyamba, lopita mphepo, lokhala ndi malo ogulitsira zakumwa, pamene munthu amabwereka matiresi n'kugona akuyang'ana nyenyezi. Pakati pa ziwirizi panali nsanjika ya zipinda zogona zowerengeka chabe, pamodzi ndi chipinda chodyera. Chimodzi mwa zipindazo, chimene amachitcha cha mwini sitima, chinali chachikulu ndiponso cha bafa lakelake. Zinazo zinali zazing'ono, ndipo ogonamo ankagwiritsa ntchito bafa ndi chimbudzi limodzi.

Ine ndinachita kafukufuku ngati ndikukonzekera mayeso. Ndinafunsa amene anakwerapo ndipo ndinawerenga zonse zimene ndinapeza. Ndinaphunzira kuti sitima ili ngati mtengo pa mphepo: nsonga imagwedezeka kwambiri kuposa tsinde, choncho munthu akakwera pamwamba ndi pamene amapepeluka kwambiri. Ndinaphunziranso kuti kumutu ndi kumbuyo kwa sitima kumakwera ndi kutsika ndi mafunde kuposa pakati, ndiponso kuti pafupi ndi injini pamakhala phokoso ndi kutentha. Popeza inali nyengo ya mwera, mphepo yozizira yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imavundula nyanja m'miyezi ya chisanu, bwalo la pamwamba ndinalichotseratu m'maganizo. Wodwala mtima sangagone pa mphepo. Ndinatsimikiza kuti malo oyenera agogo ndi chipinda, makamaka chapakati. Zipindazo zinkatha msanga kaamba ka alendo odzaona dziko, motero ndinaimba foni kukadali milungu iwiri n'kusungitsa chimodzi.

Mtengo wa chipindacho unaposa kangapo ndalama zimene amalume anandipatsa. Zotsalazo ndinawonjezera kuchokera pa ndalama zimene ndinakhala ndikusunga chaka chathunthu kuti ndidzagule kompyuta ya m'manja yolembera ntchito za kusukulu. Ndikanena kuti ndinachita izi chifukwa cha chikondi chokha ndiye kuti ndanama. Chikondi chinalipo ndithu, koma kunyada kunaliponso. Ndinkafuna kuti anthu a kwathu adzanene kuti mayi uja anabwera ngati bwana, atagona pa bedi, chifukwa ali ndi mdzukulu wa ku yunivesite. Pa kafukufuku yense uja ndinafunsa anthu ambiri, koma munthu mmodzi yekha sindinamufunse, ndiye mwini ulendo.

Tinagona ku Monkey Bay, ndipo Lachisanu m'mawa tinalowa m'sitima pa doko. Mmodzi wa ogwira ntchito anatitsogolera pa makwerero n'kutitsekulira chipinda chathu. Kunena zoona, chipindacho sindinachipezere chifukwa. Munali mabedi awiri oyalidwa nsalu zoyera, sinki yosambira m'manja, malo oika katundu, zenera loonera nyanja, ndi chitseko chokiyika. Kwa munthu amene anazolowera kukhala wopanikizika m'minibasi, kukhala ndi kiyi wako m'thumba pa ulendo ndi chinthu chachikulu. Ndinaika chikwama pansi n'kuyang'ana agogo, kudikira kuti ayamikire.

Iwo anakhala pa bedi pang'onopang'ono, n'kusisita nsalu yoyera ija ndi chikhatho. Anayang'ana khoma, anayang'ana chitseko, kenaka anayang'ana ine.

"Amuna anga," anatero, pakuti ndi mmene ankanditchulira pocheza, "kodi mwandibwezeranso kuchipatala?"

Ndinaseka poganiza kuti akuchita nthabwala. Ndinawafotokozera za mwera, za kugwedezeka kwa sitima, ndi za ndalama zimene ndinalipira. Anamvetsera zonse mwaulemu, n'kunena kuti zikomo. Hutala italira ndipo mapiri a Monkey Bay atayamba kutsalira m'mbuyo, anagona chagada osalankhulanso kanthu.

Ine ndinakwera pa bwalo la pamwamba kukaona mmene kunalili. Aliyense amene amakonda kuona zinthu ayenera kukhalapo pamalo amenewa tsiku lina. Madzi amasintha mtundu sitima ikamachoka kumtunda, kuchoka pobiriwira kufika pa buluu wakuda, ndipo munthu amayamba kumvetsa kuti nyanja imeneyi, yotalika makilomita oposa 500, imene chakumpoto imazama mamita pafupifupi 700, si dziwe loseweretsa. Panali alendo a kunja akuwerenga mabuku, ogwira ntchito m'boma angapo, ndi amalonda akumwa zoziziritsa kukhosi. Masana ndinakatenga chakudya kuchipinda chodyera, mpunga ndi nsomba, n'kupita nacho kwa agogo. Anadya masipuni atatu n'kukankhira mbale kumbali, monga mmene ankachitira ku Zomba miyezi yonse ija.

Dzuwa litapendeka anadzuka n'kumanga chitenje chawo mwamphamvu.

"Nditsitse pansi," anatero.

"Agogo, pansi pali anthu ambiri. Mulibe ndi pokhala pomwe."

"Anthuwo ndi amene ndikufuna. Miyezi isanu ndakhala ndikuyang'ana khoma. Khoma lina undigulirenso ndi ndalama?"

Tinatsika makwerero mmodzimmodzi, iwo atandigwira paphewa. Ku ekonome kunali dziko lina. Chilumba cha Likoma ndi chamiyala ndipo chimanga cholimidwa komweko sichikwanira, choncho pafupifupi chilichonse chimabwera pamadzi. Munali matumba a chimanga ndi a ufa, shuga, sopo, malata, simenti, njinga, makreti a zakumwa, madengu a tomato ndi kabichi, ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Pamwamba pa katunduyo, ndi m'mipata yake, munali anthu. Kunkamveka fungo la dizilo, la usipa wouma ndi la thukuta, ndipo injini inkanjenjemeretsa pansi pamene tinaponda. Ndinkaganiza kuti agogo angoona n'kubwerera.

Tisanayende mapazi khumi, mayi wina anakuwa dzina la agogo. Wina anatembenuka, winanso anaimirira. Posakhalitsa tinazunguliridwa ndi amayi a kumpingo kwawo amene ankachokera ku msonkhano kumtunda. Wina anasuntha dengu, wina anayala chitenje pa thumba la chimanga, ndipo malo amene ine ndinati palibe anapezeka. Anayamba kuwafotokozera za kumudzi: amene anamwalira iwo kulibe, amene anabereka, bwato la yani linasweka, denga la yani linasasuka. Ena mwa maliro amenewo agogo anali asanamve, ndipo analira pomwepo pamodzi ndi anzawo. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Madzulo wina anakagula nsima ya nyemba pa kantini ya pansipo, ndipo agogo anatha mtanda wathunthu ine ndikuona. Nditanena kuti tibwerere kuchipinda nthawi ya mankhwala yakwana, anandiuza kuti mankhwalawo ndi amene atsike.

Ndinabwerera ndekha kuchipinda ndili wokhumudwa. Ndinadzitsekera n'kugona pa bedi, ndikuwerengera mumtima ndalama zanga. Usiku utalowa mwera unakula. Sitima inayamba kupendekera uku ndi uku, ndipo mabotolo a mankhwala anagubuduzika pansi. Pasanathe ola ndinayamba kumva chizungulire ndi mseru, ndipo chakudya chonse cha masana chinathera mu sinki muja. Chimene sindinawerenge pa kafukufuku wanga n'chakuti m'chipinda chotseka ndi mmene mseru wa panyanja umakulira. M'kati mwa khutu muli tiziwalo timene timauza ubongo kuti thupi likugwedezeka, pamene maso, poona khoma lokhalokha, amanena kuti zonse zili chilili. Ubongo ukalandira mauthenga awiri otsutsanawo, mimba ndi imene imavutika.

Ndinatsika ndikudzandira kukaona ngati agogo ali bwino. Ndinawapeza atatsamira thumba lawo lija, atafunda bulangete la mnzawo, maso ali gwa. Atandiona anapukusa mutu.

"Taonani mwamuna wanga wophunzira," anauza anzawo. "Khala apa pali mphepopa. Usayang'ane pansi. Yang'ana kutali, uko kukuoneka nyali uko."

Ndinachita zimene ananena ndipo pang'onopang'ono mtima unakhazikika. Tili chikhalire anandifotokozera kuti ali mwana, akuluakulu ankalankhula motsitsa mawu za Vipya, sitima imene inamira kumpoto kwa nyanjayi m'chaka cha 1946 n'kupha anthu 145, ndipo Ilala itabwera ena ankaopa kuikwera. Anandiuzanso kuti masiku a atsamunda, kumwamba kumene ndinawagulira chipindako kunkakhala azungu a boma ndi a mishoni, ndipo iwo pa zaka zonse zimene anayenda pa sitimayi anali asanapondeko. Ndinaganiza kuti mawu amenewa akundiyikira kumbuyo, ndipo ndinati ndi chifukwa chake ndinafuna kuti akweleko. Iwo anati, "Ndakwerako lero, ndaona. Kuli bwino. Koma mwera ukamaomba chonchi ine ndimafuna ndizimva wina akupuma pafupi nane."

Tinafika ku Nkhotakota usiku kwambiri. Kumeneko madzi a m'mphepete ndi osaya, motero sitima inaponya nangula patali, ndipo maboti awiri a injini amene amapachikidwa m'mbali mwake anatsitsidwa kuti akatule ndi kutenga anthu. Pa mafunde ngati a tsiku limenelo, kukwera kuchoka m'boti kulowa m'sitima kumafuna mphamvu ndi kulimba mtima. Munthu amadikira funde likweze boti, ndiye n'kugwira makwerero, amalinyero n'kumukoka. Katundu amaponyerana, ndipo ana amapatsirana m'manja. Mwa ana amenewo munali khanda lokulungidwa m'mashawelo, limene linafika m'sitima mayi wake asanafike. Mayiyo atakwera, anali mtsikana wamng'ono kwa ine, wonyowa mpaka m'chiuno, akuyenda chowerama atagwira pamimba. Mng'ono wake amene anali naye anafotokoza kuti anabereka mwa opaleshoni milungu itatu yapitayo, ndipo ankapita ku Likoma kumaliro a bambo awo. Malo okhala anali atatheratu. Anamukhazika pa kreti pafupi ndi khomo, pamene madzi ankawazira.

Agogo anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anatambasula dzanja kwa ine.

"Bweretsa kiyi uja."

Ndinanong'oneza kuti sizololedwa, kuti tikiti ili m'dzina lathu, kuti chipindacho ndinagulira iwo. Anandiyankha mokweza, anthu onse akumva: "Ngati unagulira ine ndiye kuti ndi changa. Pita ukapemphe kwa eni sitima." Ndinapita kwa mkulu woona za matikiti ndili ndi manyazi, n'kumufotokozera. Iye anabwera kudzaona yekha, ndipo atamuona mtsikanayo anati mabedi awiriwo ndi olipiridwa kale, palibe vuto. Ndinanyamula chikwama chawo n'kuwatsogolera pa makwerero. Nditatsekula chitseko, mtsikana uja anaima pakhomo osalowa, akuyang'ana nsalu zoyera zija, mpaka mng'ono wake anachita kumukankha. Ndinawaonetsa sinki, imene ndinali nditaitsuka, ndi kumene kuli bafa, n'kuwasiyira kiyi.

Usiku wotsalawo ndinaugona chokhala pa thumba la ufa, mutu wa agogo uli pa phewa langa. Sindinganame kuti kunali kokoma. Msana unandipweteka, phazi la munthu wina linali pa mwendo wanga, ndipo tambala wina m'dengu anayamba kulira nthawi isanakwane. Komabe mbandakucha mwera unatsika, amayi aja anayamba kuimba nyimbo za m'mawa za kutchalitchi motsitsa, ndipo agogo ankatsatira ndi milomo. Dzuwa linatuluka kuseri kwa mapiri a ku Mozambique, pakuti Likoma ndi Chizumulu, ngakhale ndi zilumba za Malawi, zazunguliridwa ndi madzi a dziko limenelo. Milambe ya pachilumba itayamba kuoneka, agogo anaimirira okha popanda wowagwira.

Ku Likoma nakonso masiku amenewo tinkatsikira m'maboti. Boti litagunda mchenga, anyamata awiri anawanyamula agogo kuti asanyowe, koma atangowatsitsa iwo anabwerera m'madzi mpaka m'mawondo, n'kutunga ndi manja kusamba kumaso. Mtsikana uja anatipeza pamenepo, khanda lili kumsana kwa mng'ono wake. Anagwada pa mchenga n'kunena kuti, "Agogo, ndagona tulo koyamba chibadwire mwanayu." Agogo anamuuza kuti athokoze ine, popeza ndine ndinalipira. Sindinadziwe koyang'ana. Lamulungu lotsatira ndinawaperekeza ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kuchimanga m'chaka cha 1903, ndipo anakhala pa malo awo akale.

Tsono kwa amene amandifunsa za malo abwino m'sitima, yankho langa ndi lotere. Chipinda n'chabwino, ndipo ndalama zake sizipita pachabe kwa munthu amene akufunikadi bedi ndi chitseko: wodwala wofuna kugona chotambalala, mayi wa khanda, kapena wonyamula zinthu zofunika kukiyira. Woteroyo asungitse msanga, asankhe chapakati, ndipo mafunde akakula asadzitsekere, atuluke ayang'ane kutali. Bwalo la pamwamba ndi la munthu wathanzi wofuna kuona nyanja, koma m'nyengo ya mwera atenge bulangete lokhuthala. Kalasi yachiwiri ndi ya wofuna mpando wotsimikizika pa mtengo wofikirika, ndipo amalume, amene ndinawaona ngati oumira, anali atalingalira bwino kuposa ine. Za ekonome sindifuna kukometsera. Ndi malo othinana ndi otopetsa, ndipo ambiri okhala mmenemo sachita kusankha, thumba ndi limene limawasankhira. Akanakhala ndi ndalama, ambiri akanakwera kumwamba mosangalala, monga anachitira mtsikana uja. Koma agogo anga anali ndi mwayi wosankha, ndipo chimene ankasowa pa miyezi isanu ija sichinali bedi. Ku Zomba tinawapatsa bedi labwino, mankhwala pa nthawi yake ndi chitseko chotseka kuti apume, osadziwa kuti tikuwamana anthu. Ine ndinangopitiriza kulakwa komweko pamadzi, pa mtengo wokwera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso limodzi lokha, lakuti "Agogo, mukufuna mukakhale pati?", likanandisungira kompyuta yanga, ngakhale kuti mtsikana uja akanagona pa kreti.

Agogo anamwalira kumayambiriro kwa chaka cha 2019, ali m'nyumba mwawo, anzawo aja atawazungulira. Popita kumaliro ndinakwerera ku Nkhata Bay, ndipo ndalama zimene ndinali nazo zinangokwana ekonome. Ndinalowa mochedwa, malo atatha, n'kuima pafupi ndi makwerero chikwama chili m'manja. Mayi wina wachikulire anandiyang'anitsitsa, n'kufunsa ngati sindine mdzukulu uja wa kiyi. Nditavomera, anasuntha dengu lake la tomato n'kundiuza kuti ndikhale.